Mbiri ya Januwale m'Mabanja a ku Malawi

Januwale ndi mwezi umene mabanja ambiri m'Malawi amauopa. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zikapita, alendo atabwerera kwawo, pakhomo pamatsala ngongole ya pa okala, lendi yosalipira, ana ofuna fizi ndi munda wodikira feteleza. Apantchito m'tauni amati mwezi umenewu uli ndi masiku 60, ndipo m'nyuzipepala adaupatsa udindo wausilikali, amangoti General January. Anthu ambiri amaloza chala kusakaza ndalama kwa mu Disembala. Kusakazako kulipodi, komabe kuwawa kwa mwezi umenewu kudayamba kale Khirisimasi isanadziwike kuno, malipiro a pamwezi asanabwere, ngakhale ndalama imene isanafike.

Nthawi ya nkhokwe

Makolo ankawerenga chaka potsata mvula ndi ntchito za kumunda. Mvula yobzalira imagwa mu Novembala kapena Disembala, ndipo kukolola kumachitika kuyambira Epulo mpaka Juni. Choncho chakudya cha m'nkhokwe, kaya ndi mapira, mawere kapena chimanga, chinkayenera kukwana chaka chathunthu. Pofika nyengo yopalira ndi kubandira, nkhokwe zambiri zinkakhala zitafika pansi, pomwe mbewu zatsopano zidakali zanthete. Ntchito yolemetsa kwambiri pachaka inkakumana ndi mimba yopanda kanthu.

Zikondwerero zikuluzikulu za makolo zinkapewa nyengo imeneyi. Chinamwali, maukwati, mowa wokumbukira omwalira ndi magule a usiku wonse zinkachuluka m'chilimwe, anthu atakolola, chimera chili chambiri ndiponso manja atapuma ku khasu. Phwando linkabwera chakudya chilipo.

Kuyendetsa chuma cha pakhomo kunkagona pa nkhokwe, ndipo mwini wake weniweni adali mayi. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, kumene mwamuna ankapita chikamwini, mayi ndiye ankadziwa madengu amene alowa m'nkhokwe ndi amene angatuluke pa mlungu popanda kuika banja pamoto. Mbewu yodzabzala ankaipatula n'kuipachika kudenga la kukhitchini kuti utsi uiteteze ku anankafumbwe, ndipo mbewuyo sinkakhudzidwa ngakhale njala iwawe motani. Masamba a nyemba, nkhwani ndi bowa ankazifutsa n'kuzimanga m'zikwatu. Chakudya chikachepa, banja linkasiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa, linkadya kamodzi patsiku, n'kumathandizidwa ndi mango, ngumbi, chinangwa ndi ndiwo za kutchire. Amene nkhokwe yawo yatheratu ankakalima m'munda mwa mnzawo kuti alandire chakudya, ndipo amene ali ndi chimera ankaitana dima. Apa ndi pamene padachokera ganyu wa masiku ano, pamodzi ndi vuto lake: wopalira munda wa mnzake amasiya wake uli m'tchire, ndipo chaka chotsatira amakololanso zochepa.

Mishoni, msonkho ndi sitolo

Khirisimasi idabwera ndi amishoni. A UMCA adafika ku Magomero mu 1861, a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika adakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Kwawo kwa ambiri mwa amishoniwo, 25 Disembala imagwa m'nyengo yachisanu, minda itagona. Kuno tsikuli lidagwera pakati pa dzinja. Kwa nthawi yoyamba phwando lalikulu la pachaka lidaikidwa pa nthawi imene nkhokwe zikutha.

Poyamba Khirisimasi idali ya mapemphero ndi nyimbo pa mishoni. Pang'onopang'ono idafalikira m'midzi n'kutenga maonekedwe amene akudziwika lero: mpunga, nkhuku kapena mbuzi, tiyi wamkaka ndi buledi, zovala zatsopano za ana, ndi ana oyenda khomo ndi khomo kupempha Khirisimasi bokosi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, magule otengera perete wa asilikali monga malipenga, mganda ndi beni adayamba kukometsa masiku amenewa, ndipo ovina ankafunika yunifolomu yoyera bwino. Zambiri mwa zinthuzi sizinkachokera m'munda. Zinkagulidwa m'masitolo a Mandala, a Kandodo ndi a amwenye, ndipo zinkafuna ndalama.

Ndalamayo idalowa m'midzi mokakamiza. Dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, boma la Harry Johnston lidakhazikitsa msonkho, umene m'zaka za m'ma 1890 udali mashilingi atatu pa nyumba. Pambuyo pake msonkhowo udakwezedwa, koma wogwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi ankamuchotserako. M'minda ya atsamunda ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba mudali thangata, ntchito yolipirira malo okhala. Eni mindayo ankafuna antchito m'dzinja, nthawi yomweyo imene munthu amafunika m'munda mwake. Nkhanza za thangata zidali chimodzi mwa zifukwa zimene zidautsa John Chilembwe ndi anthu ake pa 23 Januwale 1915.

Ndalama za ku Halale ndi ku Joni

Pofuna ndalama ya msonkho ndi katundu wa m'sitolo, amuna ambiri adayamba ulendo wa ku Halale, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi ku Joni. Bungwe la Wenela, lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, linkasunga gawo la malipiro a munthu kuti adzalandire atabwerera kumudzi, njira imene inkathandiza kuti ndalama isathere kumgodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo. Udayambanso mu 1977 pansi pa bungwe la Theba, n'kutha mu 1988.

Maulendowa adasintha kawerengedwe ka chuma cha pakhomo. Mabanja ambiri adayamba kudalira ndalama yochokera kutali, yosadziwika tsiku lofika. Mwamuna akabwera ndi njinga, bulangeti ndi wailesi, pakhomo pankakhala chisangalalo. Akatchona, mayi ankapalira yekha. Pa njala ya 1949, imene idasautsa kwambiri madera ozungulira Blantyre n'kufika pachimake kumayambiriro kwa 1950, amayi amene amuna awo adasiya kutumiza thandizo adali m'gulu la ovutika kwambiri. Mwambo wobwera kumudzi pa Khirisimasi ukadalipo. Mu Disembala mabasi a ku Johannesburg amadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza atasenza katundu, ndipo mu Januwale eni katunduyo amasakasaka ndalama yobwererera ku ntchito.

Malipiro a pamwezi, fizi ndi feteleza

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani adachuluka, ndipo mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu idakula. Mu 1971 kwacha idalowa m'malo mwa paundi, makwacha awiri pa paundi imodzi, ndipo chaka chomwecho ADMARC idayamba ntchito yogula mbewu nthawi yokolola ndi kugulitsa chimanga nthawi ya njala. Mizere ya pa ADMARC mu Januwale ndi Febuluwale idasanduka chizindikiro cha nyengoyi.

Kwa wapantchito wa m'tauni, nkhokwe idasanduka malipiro a kumapeto kwa mwezi. Olemba ntchito ambiri amapereka malipiro a Disembala msanga, Khirisimasi isanafike, kotero ndalama ya mwezi umodzi imayenera kukwana masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, m'kati mwake muli maphwando awiri ndi ulendo wa kumudzi. Achibale akumudzi nawonso amayang'ana kwa iye, chifukwa ndi nthawi imene chimanga chawathera.

Sukulu idawonjezera katundu wina. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Komabe yunifolomu, makope ndi zopereka zina zidatsala m'manja mwa makolo, ndipo sukulu zapulayiveti zidachuluka. Kwa zaka zingapo chaka cha maphunziro chinkayamba mu Januwale, kenaka cha m'ma 2010 chidasunthidwira ku Sepitembala. M'makalendala onse awiri ana amatsegulira teremu kumayambiriro kwa Januwale, ndipo wa sukulu yogonera komweko amafunika fizi, thiransipoti, sopo ndi shuga tsiku lomwelo.

Munda nawo udayamba kudya ndalama. Chimanga chahaibulidi chimafuna feteleza wokulitsa pobzala ndi wobereketsa patapita masabata angapo, ndipo kwa alimi ambiri wobereketsayo amagwera kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale. Njala ya 2002, imene idapha anthu m'miyezi yoyambirira ya chakacho pomwe ena ankadya gaga ndi mizu ya nthochi, idapangitsa kuti nkhani ya feteleza ikhale pakamwa pa aliyense. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi a feteleza. Padali zaka zimene mlimi wa kuponi ankagula thumba la makilogalamu 50 pa K500. Mu 2020, pansi pa ndondomeko ya AIP, mtengowo udali K4,495, ndipo mu 2022 udafika pa K15,000. Wopanda kuponi amagula pa mtengo wonse wa m'sitolo. Kugwa kwa kwacha kudakulitsa bala limeneli: mphamvu yake idachepetsedwa mu Meyi 2012, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patatsala milungu yochepa kuti Khirisimasi ifike.

Asilamu, a Mboni za Yehova ndi ambiri a Seventh Day Adventist sachita phwando la Khirisimasi, koma nawonso amalipira fizi, amagula feteleza ndipo amakumana ndi mtengo wokwera wa chimanga. Izi zikutsimikiza kuti phwandolo limangowonjezera pa vuto limene muzu wake uli m'nyengo.

Njira zimene mabanja adapeza

Njira zothanirana ndi Januwale zili za mitundu iwiri: zozimitsa moto utayaka kale, ndi zokonzekera usanayake. Mwa zoyambazo muli kuchepetsa ndiwo kuchoka pa nyama kufika pa bonya, soya ndi masamba, kugula ufa wa m'timapepala ndi mafuta oyeza, kulembetsa ngongole m'kabuku ka pa okala, kugulitsa mbuzi kapena nkhuku pa mtengo wolira, ndi kupita kwa wakatapila. Katapila ndiye woopsa kwambiri. Chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ndalama yobwerekayo pamwezi, ndipo wobwereketsa amasunga wailesi, foni kapena khadi la ku banki ngati chikole. Malipiro a Januwale amathera kwa iye, ndipo banja limalowa Febuluwale ndi ngongole yatsopano.

Njira zokonzekera zimatsata nzeru ya nkhokwe. Apantchito ambiri amagula matumba a chimanga mu Meyi kapena Juni, mtengo uli pansi, n'kuwathira mankhwala. Ena amalipiriratu fizi ndi lendi tsiku limene alandira malipiro a Disembala. Chipereganyu, chimene ku Zambia amati chilimba, chimalola anzake a pantchito kapena a pamsika kusonkherana kuti aliyense alandire ndalama yochuluka pa nthawi yake. Mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama a SACCO adapanga mgwirizano wawo wa MUSCCO mu 1980.

Njira imene yafalikira kwambiri ndi banki m'khonde. Kachitidwe kake kadayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kuno kadagwira mizu m'midzi ndi m'matauni momwe. Anthu 15 mpaka 25, makamaka amayi, amakumana sabata iliyonse kugula masheya, kubwerekana ndalama pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, ndi kusonkha kathumba ka zadzidzidzi. M'magulu ambiri bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Ambiri amagawana ndalama mu Disembala, ndipo apa ndi pamene pagona mayeso: ndalamayo ingathe kugula feteleza ndi kulipira fizi, kapena kuthera pa phwando. Pa chifukwa chimenechi magulu ena amasankha kugawana nthawi yogula zipangizo za ulimi isanadutse. Kubwera kwa Airtel Money ndi Mpamba kudafewetsa kutumizirana thandizo, koma kudapangitsanso kuti pempho la kumudzi lizifika m'thumba la wam'tauni mphindi yomweyo.

Januwale wa masiku ano wasenza zinthu zinayi zimene zidabwera pa nthawi zosiyana: njala ya m'dzinja ya makolo, phwando la amishoni, fizi ya sukulu ndi mtengo wa feteleza. Zaka zina mvula imawonjezerapo tsoka, monga madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Ana wa mu Januwale 2022. Mpumulo umayamba kumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi, maungu ndi chimanga chachiwisi zikacha, ndipo ndalama imabwerera m'midzi misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo. Mabanja osauka kwambiri alibe chopatula, ndipo iwowa amafunika thandizo la boma ndi la abale. Koma pakati pa amene ali ndi kangachepe, odutsa bwino mwezi umenewu ndi amene amachita zimene mayi wa nkhokwe ankachita: kupatula mbewu poyamba, kuwerenga miyezi yotsala, kenaka n'kuona chimene chingaphikidwe pa phwando.