Ophunzira a M'mayunivesite ndi Chiyambi cha Tsiku la Dziko Lapansi

Mwambo wokumbukira Tsiku la Dziko Lapansi pa 22 Epulo unayambira ku America m'chaka cha 1970, ndipo ngakhale ganizo lake linachokera kwa munthu wandale, amene anasenza ntchito yaikulu anali ophunzira a m'mayunivesite ogwira ntchito mongodzipereka, kutanthauza mosakakamizidwa ndiponso mosayembekezera malipiro. M'zaka za m'ma 1960 chuma cha dzikolo chinkakula mofulumira, koma utsi wa m'mafakitale ndi wa magalimoto unkaipitsa mpweya wa m'mizinda, pamene mitsinje inasanduka kotayira zonyansa. M'chaka cha 1969 munachitika ngozi ziwiri zimene zinadzidzimutsa anthu: mu Januwale chitsime cha mafuta cha pansi pa nyanja chinaphulika pafupi ndi Santa Barbara ku California, mafutawo n'kupha mbalame zambirimbiri, ndipo mu Juni mtsinje wa Cuyahoga mumzinda wa Cleveland unayaka moto chifukwa cha mafuta oyandama pamadzi.

Gaylord Nelson, phungu woimira chigawo cha Wisconsin m'nyumba ya malamulo ya Senate, anaona kuti aphungu anzake sadzalabadira zachilengedwe pokhapokha anthu ovota atadzuka, choncho anatengera njira imene ophunzira ankagwiritsa ntchito potsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Njirayi, yotchedwa teach-in, inayambira pa yunivesite ya Michigan mu Marichi 1965, ndipo inali msonkhano wautali umene ophunzira ndi aphunzitsi awo ankafukula limodzi nkhani imodzi yokhudza dziko mpaka aliyense ataimvetsa. Denis Hayes, mnyamata wa zaka 25, anasiya maphunziro ake ku Harvard kuti alumikizitse ntchito yokonza Tsiku la Dziko Lapansi motsatira njirayi ali ku Washington, ndipo tsiku la 22 Epulo linasankhidwa chifukwa linali pakati pa tchuthi ndi mayeso, nthawi imene ophunzira ankakhala ali pasukulu.

Mphamvu ya tsikuli inagona pa mfundo yakuti likulu la ntchitoyi ku Washington silinalamule zochita, koma dera lililonse linakonza mwambo wake molingana ndi vuto limene linkaliona ndi maso. Ophunzira anaitana akatswiri a sayansi kudzalankhula, anatola zinyalala m'misewu ndi m'mphepete mwa mitsinje, anabzala mitengo, ndiponso anachita zionetsero pamodzi ndi ana a sukulu, amayi ndi a mipingo, mwakuti anthu pafupifupi 20 miliyoni, amene anali munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse m'dzikomo, anatengapo mbali.

Chofunika kwambiri m'mbiriyi n'chakuti achinyamatawo sanalekere pa kusesa ndi kubzala, popeza anazindikira kuti mtsinje woyeretsedwa lero udzadanso mawa ngati palibe lamulo loletsa fakitale kutayiramo zoipa. Bungwe la Environmental Action, limene linabadwa m'ntchitoyi, linatchula aphungu 12 amene ankakana malamulo oteteza chilengedwe, ndipo 7 mwa iwo anagwa pa zisankho za chaka chomwecho. Mu Disembala 1970 boma linakhazikitsa Environmental Protection Agency, nthambi yoyang'anira zachilengedwe, komanso linakhwimitsa lamulo la mpweya wabwino, ndipo lamulo la madzi aukhondo linatsatira mu 1972.

Patapita zaka 20, Hayes anatsogoleranso mwambowu pamene unafika m'mayiko 141, ndipo m'chaka chomwecho cha 1990 akuluakulu a mayunivesite ena anasainirana chikalata ku Talloires m'dziko la France, cholonjeza kuti sukulu zawo zidzaphunzitsa ndi kutsata kasamalidwe ka chilengedwe koganizira mibadwo yakutsogolo. Apa mayunivesitewo anavomereza ngati udindo wawo ntchito imene ophunzira anaiyamba mwa kufuna kwawo, ndipo mbiriyi ikusonyeza kuti kudzipereka kwa ophunzira kumapindulira dziko kwa nthawi yaitali pamene ntchito ya manja yatsagana ndi kumvetsa gwero la vuto komanso kulimba mtima kokakamiza olamulira kuti asinthe malamulo.