Khomo Lomwe Anatsegula Napoleon: Mbiri ya Mayeso a Baccalauréat

Mwezi wa June ukafika ku France, mawayilesi ndi manyuzipepala amalengeza mafunso a filosofi amene ana a sekondale alemba m'mawa wa tsikulo kwa maola anayi, ndipo akuluakulu amawakambirana ngati nkhani ya dziko. Mayesowa ndi gawo la baccalauréat, imene eni ake amangoti bac. Ife ozolowera MSCE kapena Giredi 12 tingaganize kuti ndi mayeso otsekera sekondale basi, koma m'malamulo a dzikolo bac ndiyo digiri yoyamba ya yunivesite. Mbiri yake yonse yagona pamenepa.

Anaikhazikitsa ndi Napoleon pa 17 March 1808, pofuna anthu ophunzira oyendetsa boma lake. Mu 1809 amene anailandira anali 31 okha. Panalibe cholembera kapena pepala: mnyamata ankaima pamaso pa aphunzitsi a yunivesite n'kumayankha pakamwa za mabuku a Chilatini ndi Chigiriki. Mayeso olemba anayamba mu 1830.

Ndati mnyamata mwadala. Panalibe lamulo loletsa akazi; kungoti palibe amene ankaganiza kuti mkazi angagogode pakhomopo. Julie-Victoire Daubié, mphunzitsi wa ana wa zaka 37, anagogoda, ndipo mu 1861 anakhoza ku Lyon. Ngakhale zinali choncho, satifiketi yake inakhala miyezi ingapo nduna ya maphunziro isanasainire. Sukulu za boma za sekondale za atsikana zinabwera ndi lamulo la 1880, koma sizinkawakonzekeretsa bac mpaka mu 1924. Tangoganizani: zaka zoposa 60 chikhozereni mayi uja.

Cha m'ma 1950, mwa achinyamata 100 a msinkhu umodzi, pafupifupi asanu okha ndi amene ankapeza bac. Kenako zinthu zinathamanga. Mu 1968 anayambitsa bac ya zaumisiri, ndipo mu 1985 nduna Jean-Pierre Chevènement inawonjezera ya ntchito zamanja, n'kulengeza cholinga chakuti achinyamata 80 mwa 100 alionse azifika pa mlingo umenewu. Ambiri anaona ngati maloto a chumba. Lero chiwerengerocho chili pomwepo.

Komatu mbuto ya osankhika sinathe, inangosamuka. Mwana amakhoza akapeza 10 pa 20, ndipo wopeza pakati pa 8 ndi 10 amapatsidwanso mwayi wa mayeso apakamwa. Popeza okhoza achuluka, mabanja odziwa njira amayang'ana kwina, ku makalasi a zaka ziwiri okonzekeretsa mipikisano yolowera sukulu zapamwamba monga École polytechnique, kumene malo ndi owerengeka. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nsanje ya Napoleon yosunga utsogoleri m'manja mwa ochepa ikupumirabe.

Masiku ano nayonso bac yasintha nkhope. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unachititsa kuti mayeso olemba asachitike, ana n'kuweruzidwa ndi zotsatira za m'kalasi. Kuyambira mu 2021, magawo 40 pa 100 a malikisi a bac ya maphunziro wamba amachokera ku ntchito ya m'kati mwa chaka, ndipo pabwera mayeso akuluakulu apakamwa, ngati kubwerera ku 1809. Malo a ku yunivesite amagawidwa kudzera pa intaneti, pa Parcoursup, imene inayamba mu 2018. Ana ambiri amalowa m'chipinda cha filosofi mu June atalandira kale yankho la kumene adzapite.