Rauta ya Intaneti ya Panyumba

Rauta ndi kabokosi kamene kamalandira intaneti n'kuigawa ku makompyuta ndi mafoni angapo m'nyumba imodzi. Ku Balaka, Liwonde ndi Ntaja, marauta ofala ndi a 4G, olowa simukhadi ya Airtel kapena TNM. Starlink, yomwe inafika m'Malawi mu 2023, imafuna dishi yoyang'ana kumwamba komanso thumba lokhuthala.

Potchera rauta ya 4G, lowetsani simukhadi yokhala ndi bandulo, yatsani rauta, ndipo muilumikize ku kompyuta imodzi ndi waya wa Ethernet. Tsekulani burawuza, mulembe nambala imene ili kunsi kwa rautayo, monga 192.168.8.1 pa marauta ambiri a Huawei. Sinthani dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi, musankhe chitetezo cha WPA2. Pasiwedi yosavuta siichedwa kufika kwa aneba, bandulo ya mwezi n'kutha mwezi usanafike pakati. Makompyuta enawo amalowa pa Wi-Fi kapena pa waya, womwe usapitirire mamita 100.

Rauta iikidwe pamalo okwera, pafupi ndi windo loyang'ana nsanja ya netiweki, chifukwa makoma ochindikala amafooketsa mphamvu yake. Magetsi a ESCOM akathima nayo imathima, n'chifukwa chake ena amailumikiza ku batire kapena sola.