Dzina loti Tsitsi

Tsitsi ndi dzina lachikazi la Chishona lotanthauza chifundo. Limafanana ndi la kwathu loti Chifundo, ndipo makolo amalipereka pothokoza Mulungu, kawirikawiri mwana akabadwa pambuyo pa mavuto. Ku Chitungwiza, m'madera a Zengeza, St Mary's ndi Seke, komwe kulinso mabanja ochokera ku Malawi, dzinali limamveka paliponse. Mlendo wolankhula Chichewa amayamba wadabwa, poti kwa iye tsitsi ndi lam'mutu, lomwe Ashona amalitcha bvudzi.

Amene adatchukitsa dzinali kwambiri ndi Tsitsi Dangarembga, mlembi wobadwira ku Mutoko mu 1959. Buku lake la Nervous Conditions, lomwe lidatuluka mu 1988, limasimba za mtsikana wakumudzi wofunitsitsa sukulu pamene banja lidaika mchimwene wake patsogolo, nkhani yomwe amayi ambiri a ku Malawi angaizindikire msanga. Dangarembga adalembanso nkhani ya kanema wa Neria. Mu 2020 adamangidwa ku Harare pochita zionetsero, koma bwalo lalikulu lidamuyeretsa mu 2023.

Wina ndi Tsitsi Masiyiwa, yemwe mu 1996 adayambitsa pamodzi ndi mwamuna wake Strive bungwe lolipirira ana amasiye sukulu, lomwe lero limatchedwa Higherlife Foundation.