Timawu ta pansi pa pedulo ya gitala

Woimba gitala amasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule pedulo yosinthira mawu a chida chake, koma adaputala yoti aziipatsira magetsi amangotola iliyonse imene pulagi yake yakwana pabowo. Mapedulo ambiri amapsera pamenepo. Chonsecho zonse zofunika zinalembedwa kale pansi pa pedulo kapena m'kabuku kake: 9V DC, nambala ina yotsatana ndi mA, ndi kachithunzi kokhala ndi + ndi −.

Chilembo V chikuimira mavolti, mphamvu imene magetsi akukankhidwira nayo. Nambala iyi iyenera kufanana ndendende mbali zonse. Mapedulo ochuluka amafuna 9V chifukwa anayamba ndi kabatire kamakona anayi kaja. Alipo ena olandira 12V kapena 18V, koma pokhapokha wopanga atanena yekha. Zilembo DC nazo si zokongoletsa. Line 6 DL4 yakale inkabwera ndi adaputala ya 9V AC, ndipo adaputala yotere ikalowa m'pedulo ya DC ikhoza kuiwononga, ngakhale nambala 9 ili ponseponse.

Nkhani ya mA ndi ina, ndipo anthu amaiopa pachabe. Mamiliampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene pedulo imakoka, ndipo imakoka okhawo ikuwafuna. Chitsime chikhale chakuya bwanji, waludzu amamwa chikho chake basi. Adaputala ya 1000 mA siingawotche pedulo ya 10 mA. Vuto limabwera magetsi akachepa: pedulo imayamba kulira, kuzima, mwina osayaka n'komwe. Boss DS-1 ndi Tube Screamer ya Ibanez sizipitirira 10 mA, pamene mapedulo adijito obwereza mawu, monga ambiri a Strymon, amafuna cha m'ma 250 mA. Muwonkhetse mA za mapedulo anu onse, kenako musiye malo.

Kachithunzi ka + ndi − ndiye koopsa. Kampani ya ku Japan ya Boss itatulutsa mapedulo ake ang'onoang'ono mu 1977, inaika − pakati pa pulagi, + kunja, kuti pulagi ikalowa izichotsa yokha batire. Opanga ena ambiri anatsatira, mpaka pulagi ya 2.1 mm ya centre negative inangokhala ya aliyense. Tsoka lake, maadaputala ambiri a m'nyumba, monga a rauta ya intaneti, ali ndi pulagi yofanana koma + ili pakati, kawirikawiri n'kukhalanso ya 12V. Imalowa bwinobwino. Chotsatira ndi kafungo ka chinthu chopserera.

Zonsezi ngakhale adaputala yotchipa imakwanitsa. Chimene ndalama zimagula kwenikweni ndi bata m'masipika, ndipo apa m'pamene pakubwera mawu awiri amene ogulitsa amasewera nawo.

Oyamba ndi daisy chain: adaputala imodzi, waya mmodzi wa nthambi zingapo, mapedulo onse kumwera pamodzi. Adaputala ya 1 Spot ya Truetone, yopereka 1700 mA, inatchuka ndi ntchito imeneyi. Mapedulo onse amagawana waya wa ground, womwe ndi wa −, kotero phokoso la imodzi limadutsira kwa inzake. Pedulo yadijito ndiyo imavutitsa, chifukwa kakompyuta kake kamasiya kamluzu kowonda m'magetsi, ndiye pedulo ya distortion, imene ntchito yake ndi kukulitsa chilichonse, imakakweza mpaka tchalitchi chonse kumva woimba asanakhudze n'komwe nsambo. Pedulo ya Fuzz Face ya germanium ndi nkhani inanso: ground yake ili ku +, choncho kuiika pa waya mmodzi ndi zinzake n'kugundanitsa magetsi.

Achiwiri ndi isolated, kutanthauza kuti bowo lililonse pabokosi lopereka magetsi lili ndi gwero lake, losakhudzana ndi linzake, ngati pedulo iliyonse ili ndi batire lakelake. Pedal Power 2 Plus ya Voodoo Lab ndi chitsanzo chodziwika, ndipo mtengo wake umasonyeza. Koma pamsika pali mabokosi ambiri otchipa a mabowo 8 kapena 10 olembedwa mawu omwewa, pamene mkati mwake ndi daisy chain yovala chitsulo. Chimene analekanitsa n'chitetezo chabe, kuti bowo limodzi likachita shoti ena asazime. Kuyesa kwake sikuvuta. Bokosi lili chozimitsa, tengani multimeter, muiike poyesera ngati mawaya alumikizana, mukhudze mbali ya − ya mapulagi a mabowo awiri. Ikalira, ground ndi imodzi. Aliyense wokonza mawailesi angakuyesereni zimenezi.

Kwa ine, daisy chain yonena zoona ndi yabwino kuposa bokosi lonama. Amene ali ndi chunira, overdrive ndi distortion zokha, waya wa nthambi ndi wokwana, ndalama yotsalayo agule nsambo. Akawonjeza pedulo imodzi yadijito, angoipatsa adaputala yakeyake, phokoso nthawi zambiri limathera pomwepo. Bokosi lenileni la isolated liyambe kuganiziridwa zadijito zikafika ziwiri kapena zitatu.

Patsala nambala ya mbali yolowa kukhoma, imene ogula zida zogwirapo kale ntchito amaiwala. Ku Malawi ndi ku Zambia magetsi a m'nyumba ndi 230V, ku America ndi 120V. Adaputala yopepuka ya switch-mode nthawi zambiri imalembedwa 100–240V ndipo imagwira kulikonse. Yolemera ya thiransifoma, kuphatikizapo mabokosi ena odula a isolated, imapangidwira dziko limodzi. Ngati m'bale wakutumizirani kuchokera ku Indiana ndipo palembedwa 120V yokha, kusintha pulagi kuti ikwane musoketi ya mano atatu sikusintha kanthu. Pafunika thiransifoma yotsitsira magetsi.