Chidyerano ndi Kaundula: Mbiri ya Chithandizo cha Ana ku Maravia

Boma la Maravia, lomwe lili kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ku Mozambique ndipo likulu lake ndi Fingoè, lili m'dera limene kale linkalamulidwa ndi Undi, mfumu ya Achewa imene inamanga likulu lake ku Mano. M'midzi ya kumeneko mwana sankawerengedwa ngati wa bambo ndi mayi ake okha, koma wa mbumba, kutanthauza gulu la alongo ndi ana awo lomwe linkayang'aniridwa ndi mtsibweni, yemwe ndi mlongo wa mayi. Popeza mwamuna ankakwatira chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi, imfa ya bambo kapena kutha kwa ukwati sikunkachotsa mwana pa munda ndi pa nkhokwe za kwa amayi ake.

Mwambo umene unkateteza ana koposa unali chidyerano. Mayi aliyense ankaphika kwake, koma nsima ndi ndiwo zinkatuluka m'nyumba n'kukaikidwa pamodzi, amuna kwaokha, akazi kwaokha, ndipo anyamata ogona kumphala ankapisa dzanja m'mbale iliyonse imene yafika. Mwana wa m'nyumba imene nkhokwe yake yapepuka mwezi wa Januwale ankakhuta limodzi ndi anzake popanda wina kumufunsa kuti kwawo kwatsala chimanga chochuluka bwanji. Sikuti mwambowu unalibe zilema, pakuti pa njala yaikulu mabanja ankayamba kudyera m'nyumba mobisa, komabe sunkasankha mwana potengera umphawi wa makolo ake.

Kulemba anthu m'kaundula kunadza ndi Apwitikizi, ndipo cholinga chake chinali msonkho ndi chibalo. Nkhondo ya ufulu, imene inafika ku Tete mu 1968, ndi nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, zinamwaza mbumba zambiri, ena n'kuthawira ku Zambia, kumene ambiri othawa nkhondo yapachiweniweniyo anakakhala ku Ukwimi, ndipo kumeneko chakudya chinkaperekedwa kwa olembedwa okha.

Boma la Mozambique linayamba kupereka ndalama kwa osauka a m'mizinda mu 1990, ndipo mu 1997 linakhazikitsa bungwe la INAS loyendetsa chithandizochi. Pulogalamu ya PSSB, imene inalowa m'malo mwa yakale mu 2011, imasankha mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, makamaka okalamba ndi olumala, mothandizidwa ndi anthu a m'mudzi momwemo otchedwa permanentes. Malawi anatsata njira yofananayo ndi Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, pamene Zambia mu 2010 inayesa njira ina ku Kalabo, Kaputa ndi Shang'ombo, yopatsa banja lililonse lokhala ndi mwana wamng'ono popanda kupima chuma chake. Mozambique inayamba kuyesa ndalama ya ana osakwana zaka ziwiri mu 2018, ku Nampula, pa mameticais 540 pamwezi.

Amene amati chithandizo chizipita kwa osaukitsitsa okha ali ndi mfundo yomveka, yoti thumba la boma ndi laling'ono. Koma kupima umphawi kumayenda bwino kumene anthu ali pa malipiro olembedwa, osati ku Maravia, kumene kusiyana kwa banja losauka ndi losaukitsitsa kungakhale mbuzi ziwiri kapena mvula ya chaka chimodzi, ndiponso kumene midzi ili motalikirana kwambiri moti kuyendera nyumba iliyonse kumadya ndalama zimene zikanafika kwa ana. Wolemba mayina amakhala mnansi wa amene wawasiya, choncho dandaulo loti "atidumpha" limagwera iye ndi nyakwawa. Msinkhu wa mwana, mosiyana ndi umphawi, umaoneka pa khadi la kusikelo, ngakhale kuti njira imeneyi nayonso imasiya ana obadwira kunyumba kutali ndi chipatala cha Fingoè.