Feira, msika umene unasiya belu losweka

Wochokera ku Chongwe ndi msewu wa Great East akafika pafupi ndi mlatho wa Luangwa, amakhotera kummwera n'kutsata mtsinjewo makilomita pafupifupi 90 mpaka pamene umathira mu Zambezi. Pamapu a lero tauni ya pamenepo ndi Luangwa, koma pakamwa pa akuluakulu ikadali Feira.

Dzinali ndi la Chipwitikizi, ndipo limatanthauza msika waukulu wokumanirapo amalonda. Anzathu a ku Tete amalitchula mlungu uliwonse, pakuti Lolemba kwawo ndi segunda-feira. Cha m'ma 1720, amalonda ochokera ku Goa anamanga Zumbo kutsidya lakummawa kwa Luangwa, ndipo malonda anafalikira kutsidya linonso. Nsalu ndi mikanda zinkakwera ndi Zambezi. Golide ndi minyanga ya njovu zinkatsika. Anthunso ankagulitsidwa ngati akapolo, ndipo zimenezi siziyenera kubisika m'dzina lomveka bwinoli.

Kumene kunali amalonda kunafikanso ansembe a chipani cha Dominiko, n'kumanga tchalitchi cha miyala. Msikawo utatha m'zaka za m'ma 1830, tchalitchicho chinasanduka bwinja. David Livingstone anafika pamalowa mu Januwale 1856, m'dziko la Mfumu Mburuma, n'kupeza makoma ogumuka ndi belu losweka lili pansi. Pabelupo panali mtanda ndi zilembo zitatu, IHS, chidule cha dzina la Yesu, koma panalibe chaka. Kamera analibe. Chithunzi cha tsiku limenelo ndi mawu ake basi, komatu n'chooneka bwino kuposa zambiri zimene timajambula pafoni.

Ojambula a masiku ano amaima pagombe kuti atenge mayiko atatu m'chithunzi chimodzi: Zambia pamene aponda, Zumbo wa ku Mozambique, ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe kutsidya la Zambezi. Ndi ochepa amene amafunsa za belu lija.

Anthu a ku Chongwe nkhaniyi ikuwakhudza. Bambo Jules Torrend, Mjezuiti amene anayambitsa mishoni ya Kasisi m'dera la Chongwe mu 1905, anatumikirapo ku Miruru, pafupi ndi Zumbo. Mu 1910 boma la Portugal litathamangitsa Ajezuiti, a ku Miruru anaoloka Luangwa n'kukhazikika ku Kapoche ndi Katondwe, m'dera lomweli la Feira.